Mwana wanga akudumphitsa njinga ya kabaza pa chulu, akuti ndi motocross

Funso: "Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Mponela. Mwana wanga wachiwiri, wa zaka 17, watengeka mtima ndi masewero ena omwe amaonera pa foni, a anthu odumpha ndi njinga zamoto m'matope. Akuti dzina lake ndi motocross, adayambira ku America, ndipo anthu amalemera nawo. Vuto n'lakuti madzulo akumatenga njinga ya mkulu wake, yomwe timadyera pa kabaza, n'kukadumpha nayo pa chulu kudambo. Sabata yatha wabwera atasupuka chigongono, njinganso yayamba kugogoda kutsogolo. Kodi masewerowa ndi enieni kapena ndi misala ya pa foni? Adayambitsa ndani? Ndimuletse kapena ndimusiye?"

Yankho: Zikomo mayi polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Mnyamata wanu sadazungulire mutu. Masewero akunenawo ndi enieni, ali ndi malamulo ake ndi akatswiri ake, ndipo mu 2024 adakwanitsa zaka 100 chiyambireni. Ine ndakhala ndikumasula ndi kumanga njinga zamoto kwa zaka zoposa 25. Zingapo mwa zaka zimenezi ndidali m'galaja ina ku Johannesburg, komwe Lolemba lililonse tinkalandira njinga zochokera ku mipikisano yotereyi, zina zitanyamulidwa pa galimoto chifukwa zokha sizikadayenda. Masewerowa ndimawakonda, sindibisa. Koma mwanayo waphonya pawiri: sadayambire ku America, ndipo njinga akudumphitsayo si ya ntchito imeneyo. Chachiwirichi ndi chomwe chikudyereni ndalama, koma ndiyamba ndi choyambacho, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu ukangomuti "leka" amamva ngati ukumukaniza chabe. Mukamuwerengera mbiriyi mwina adzazionera yekha.

Nkhaniyi idayambira ku Britain. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 njinga yamoto idali yachilendo, anthu ankaikayikira, ndiye opanga njinga ankafuna kuonetsa kuti katundu wawo ngolimba. Ankachititsa maulendo oyesa njinga m'njira zoipa, m'mapiri ndi m'mitsinje, omwe ankawatcha trial. Pa trial sipafunika liwiro. Pamalo ovuta pamaima munthu ndi pepala, ndipo ukaponda pansi kapena injini ikakuzimira, amakulembera chilango. Mu 1914 bambo wina wopanga njinga ku Yorkshire, Alfred Scott, adauza antchito a pa fakitale yake kuti akwere njinga adutse m'zigwa za kumeneko. Adanyamuka 14, adafika 9. Ulendowo udasanduka mpikisano wa chaka ndi chaka wotchedwa Scott Trial, ndipo ukuchitikabe.

A kumwera kwa England adasirira. Kalabu ya ku Camberley, m'dera la Surrey, idafuna wakewake, koma wopanda anthu a mapepala aja: amene wamaliza m'nthawi yochepa ndiye wapambana, basi. Bungwe loyang'anira za njinga zamoto m'dzikomo, Auto-Cycle Union, lidati ngati mulibe malo oyesera aja ndiye si trial. Choncho adautcha scramble, mawu onena za kulimbirana kopanda dongosolo, monga amachitira ana ukawaponyera maswiti. Pa 29 Malichi 1924 okwera oposa 80 adasonkhana patchire la Camberley Heath. Njira yake idali ya makilomita pafupifupi 40 ndipo ankaizungulira kawiri, kamodzi m'mawa, kenako n'kupuma kudya nkhomaliro, kachiwiri masana. Adapambana Arthur Sparks pa njinga ya Scott, atakwera maola awiri ndi kanthu. Pafupifupi theka la omwe adanyamuka sadamalize.

Apa mpomwe ndikufuna mnyamatayo atchere khutu. Njinga za tsiku limenelo zidali zamumsewu, zomwe eni ake ankayendera masiku onse. Kumbuyo zidalibe mashoko n'komwe. Tayala lidamangidwa pa fulemu penipeni, chofewa chidali timasipuling'i ta pansi pa chishalo basi. Mwala uliwonse unkafika mu msana wa wokwera ndi m'zitsulo za njinga, ndipo zitsulozo zinkapindika, kung'aluka, kuthyoka. Mwana wanu akamadumphitsa njinga ya kabaza pa chulu sakuchita za pa foni zija ayi, akubwereza za mu 1924, zomwe eni ake adaziyesa n'kuona kuti sizikuyenda. Zonse zomwe zidatsatira ndi nkhani ya anthu ofunafuna njinga yoti isathyoke.

Masewerowa adawoloka nyanja n'kufika ku France, Belgium ndi Netherlands. Kumeneko njira adaifupikitsa kuti oonera aziona okwera akudutsa kambirimbiri, ndipo dzina lakuti motocross lidabadwira m'Chifalansa, polumikiza mawu akuti moto, kutanthauza njinga yamoto, ndi a mpikisano wodutsa m'tchire. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu 1947, ku Wassenaar m'dziko la Netherlands kudachitika mpikisano woyamba wa matimu a maiko, Motocross des Nations. Idapambana ndi Britain, ndi okwera atatu: Bill Nicholson, Fred Rist ndi Bob Ray. Chaka chotsatira chikho chidapita ku Belgium. Mu 1952 bungwe la FIM, lomwe limayang'anira mipikisano ya njinga zamoto pa dziko lonse, lidakhazikitsa ukatswiri wa ku Ulaya wa njinga za injini zazikulu za 500cc, ndipo woyamba kuutenga adali Victor Leloup wa ku Belgium. Mu 1957 udakwezedwa kukhala wa dziko lonse. Mungaone kuti pofika pano dzina la America sitidalitchule.

Katswiri woyamba wa dziko lonseyo, Bill Nilsson wa ku Sweden, ndi munthu yemwe ife amakaniko timamunyadira. Atasiyana ndi kampani ya BSA, adatenga njinga ya AJS yothamangira pa tala, n'kuikulitsa injini, n'kuisintha kuti izitha kulowa m'matope, ndipo ndi imeneyo adatengera chikho cha 1957. Enanso ndi Don ndi Derek Rickman, pachibale pawo, omwe adakulira m'galaja ya bambo awo ku England. Iwowa adatopa ndi njinga zolemera za m'mafakitale, ndiye mu 1959 adatenga injini ya Triumph n'kuilowetsa mu fulemu ya BSA, n'kuwonjezera zina zotola apa ndi apo. Adaitcha Métisse, mawu a Chifalansa onena za chinthu cha magazi osakanikirana. Pambuyo pake adayamba kupanga mafulemu awoawo, ndipo okwera ambiri ankawalimbirana.

Njinga za m'ma 1950 zija zidali zimphona, zambiri zolemera makilogalamu 150 kapena kuposa. Taganizirani kudumpha ndi matumba atatu a chimanga pakati pa miyendo. Pofika nthawiyo zidali ndi mashoko kumbuyo, koma oyenda pang'ono chabe. Okwera ake adali amuna a zitho, ndipo ena adalipira ndi moyo. René Baeten wa ku Belgium, katswiri wa dziko lonse wa 1958, adamwalira pa ngozi ya mu mpikisano mu 1960.

Kusintha kwakukulu kudabwera ndi tinjinga tating'ono tomwe akuluakulu ankatiseka. Injini zilipo mitundu iwiri. Ya njinga yanu ya kabaza ndi four-stroke: ili ndi mavalavu, oyilo amakhala payekha, ndipo moto umaphulika kamodzi pisitoni ikakwera kawiri. Two-stroke ili ngati ya makina odulira mitengo aja: petulo mumasakaniza ndi oyilo, mavalavu otere mulibe, ndipo moto umaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikakwera. Ndi yopepuka, yaphokoso, yautsi. Chodabwitsa n'chakuti Scott ya Arthur Sparks ija idali two-stroke, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake mtunduwu unkaonedwa ngati wopanda mphamvu, mpaka mainjiniya, makamaka Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany, adatulukira kuti maonekedwe a ekizozi amatha kubwezera mafuta mu injini n'kuwonjezera mphamvu. N'chifukwa chake njinga za two-stroke za mpikisano zili ndi ekizozi yotupa pakati ngati mimba ya nsato yomwe yameza mbuzi. Makampani a Greeves ku England, Husqvarna ku Sweden ndi CZ ku Czechoslovakia adayamba kupanga njinga za 250cc zolemera pafupifupi makilogalamu 100. Dave Bickers adatenga ukatswiri wa ku Ulaya pa Greeves mu 1960 ndi 1961, ndipo gulu la 250cc litakhala la dziko lonse mu 1962, adalitenga Torsten Hallman wa ku Sweden pa Husqvarna.

A BSA sadagonje msanga. Wokwera wawo Jeff Smith adapambana gulu la 500cc mu 1964 ndi 1965 pa four-stroke yomwe adaichepetsa thupi mmene akadathera. Mu 1966 adafika pomupangira fulemu ya titanium, chitsulo chopepuka chodula kwambiri. Idapepukadi, koma inkang'aluka, ndipo titanium sungaiwotcherere pabwalo ngati chitsulo wamba, imafuna malo ake apadera. Chaka chimenecho chikho chidapita kwa Paul Friedrichs wa ku East Germany pa CZ ya two-stroke, ndipo adachisunga zaka zitatu zotsatizana. Nkhani ya titanium imeneyi ndimakonda kuwauza anyamata anga m'galaja: kampani yaikulu, ndalama zambiri, mainjiniya ophunzira, koma fulemu idang'alukabe. Nanga ya kabaza?

Pa okwera a nthawi imeneyo awiri a ku Belgium ndi omwe mayina awo sazimirira. Joël Robert adakhala katswiri wa dziko lonse wa 250cc mu 1964 ali ndi zaka 20 zokha, ndipo adatenga chikhochi kasanu ndi kamodzi. Adali ndi luso lobadwa nalo, wokonda phwando, woti ankatha kusuta ndudu pamzere wonyamukira. Mu 1970 adapatsa Suzuki chikho choyamba cha kampani ya ku Japan m'masewerowa. Mnzake Roger De Coster adali wosiyana naye kutalitali: wodekha, wolimbitsa thupi, wodziwa bawuti iliyonse ya njinga yake. Iye adatenga gulu la 500cc kasanu, mu 1971, 1972, 1973, 1975 ndi 1976. Mukandifunsa woti mwana wanu atengere, ndi De Coster. Luso la Robert sungaliphunzire, koma khalidwe la De Coster ungalitengere.

Tsopano America ikulowa pati? Ikulowa mochedwa, komanso kudzera pa malonda. Bambo wina wotchedwa Edison Dye ankaitanitsa njinga za Husqvarna kuti azigulitsa kumeneko, koma anthu sankazidziwa. Mu 1966 adaitana Torsten Hallman kuti adzakwere, ndipo Hallman adapambana mpikisano uliwonse womwe adalowa, okwera a kumeneko n'kungotsala kukamwa yasaa. Chaka chotsatira Dye adabweretsa akatswiri ena a ku Ulaya, kuphatikizapo Robert ndi De Coster, ndipo achinyamata adatengeka ngati mmene watengekera wanuyu. Mu 1972 wina adaganiza zothira dothi m'bwalo la masewero la Los Angeles Coliseum n'kuumba zitunda momwemo, ndipo adapambana mnyamata wa zaka 16, Marty Tripes. Mmenemo ndi momwe mudachokera supercross, ya m'mabwalo, ya magetsi ndi kudumpha kwakutali, yomwe ndikuganiza kuti ndi yomwe mwana wanu amaonera kwambiri. N'chifukwa chake akuganiza kuti zonse ndi za ku America. Dzikolo lidapambana Motocross des Nations koyamba mu 1981, patatha zaka 34 chiyambireni mpikisanowo, ndipo woyendetsa timu yawo adali De Coster yemwe uja. Ngati mwanayo waonapo malaya a okwera olembedwa Thor, muuzeni kuti kampani imeneyo adaiyambitsa ndi Hallman.

Kudumpha kwakutali komwe akusirirako sikudabwere chifukwa okwera adalimba mtima kuposa akale. Kudabwera ndi mashoko. Mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1970 tayala la kumbuyo linkakwera ndi kutsika masentimita pafupifupi 10 okha. Injiniya wina wa ku Belgium, Lucien Tilkens, adapanga shoko imodzi yaitali yolowa pansi pa thanki. A Yamaha adaigula nzeruyo, ndipo mu 1973 Håkan Andersson wa ku Sweden adatenga nayo chikho cha 250cc. Makampani onse adayamba kuthamangitsana kutalikitsa mashoko, ndipo njinga ya motocross ya lero imapereka masentimita pafupifupi 30 kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ya kabaza ili pa masentimita 10 aja kapena kucheperapo, ndipo mashoko ake adawapangira kunyamula munthu ndi thumba la ufa, osati kugwa kuchokera m'mwamba. Shoko ikafika pothera, mphamvu yotsalayo siisowa kolowera: imalowa m'masipoko, mu limu, m'khosi la fulemu, ndi m'mawondo ndi msana wa wokwera.

Za kulemera nazo, ndinene zoona. Alipo omwe adadya nazo bwino, ngakhale a kuno ku Africa. Greg Albertyn wa ku South Africa adakhala katswiri wa dziko lonse mu 1992, 1993 ndi 1994, Grant Langston mu 2000, Tyla Rattray mu 2008. Ku Zimbabwe kudachokera mtsikana Tanya Muzinda, yemwe adayamba kukwera ali ndi zaka zisanu ndipo wadziwika kunja. Koma pa aliyense wa amenewa pali mazanamazana omwe amangotulutsa ndalama. M'galaja ija ndinkaona makolo akulipira matayala, mapisitoni ndi matcheni mwezi ndi mwezi, mwana osapambana ngakhale kapu ya tiyi. Si ntchito yoti banja liikepo chiyembekezo cha ndiwo.

Ndiye mumuletse kapena mumusiye? Ine ndingagawe pawiri. Njinga ya kabaza ku chulu isapitenso, ndipo pamenepa musanyengerere. Si nkhani ya iye yekha. Fulemu ikang'aluka sithyoka tsiku lomwelo. Imadikira mpaka tsiku lomwe mkulu wake wanyamula mayi wapakati kapena mwana wasukulu, n'kugunda dzenje pa liwiro. Makiyi azisunga mwini wake. Koma chidwicho musachiphe. Anthu onse ndatchulawa, Nilsson, a Rickman, Smith, De Coster, adali anthu a sipanala asadakhale anthu a chikho. Mupezereni makaniko wodalirika woti azikaphunzirako Loweruka ndi pa holide, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale kukonza zomwe waonongazo. Ngati akufuna kudumpha, ayambe ndi njinga yakapalasa, pa kachitunda kakang'ono, atavala helemeti. Okwera ambiri amayambira pamenepo, chifukwa kaimidwe n'kamodzimodzi: kuimirira pa mapedulo, mawondo opinda, zigongono m'mwamba, maso kutsogolo. Akafika pokwera njinga yamoto ndi chilolezo cha mwini wake, aphunzire za trial zija, kuyenda pang'onopang'ono mozungulira miyala osaponda pansi. Zimaoneka zachibwana koma n'zovuta kuposa kuthamanga, ndipo Jeff Smith ndi De Coster onse adali akatswiri a trial. Pa msewu, laisensi ndi helemeti ndi lamulo.

Ngati patapita chaka mtima wake ukadali pomwepo, afunefune kalabu yeniyeni kudzera kwa ogulitsa njinga zamoto m'tauni kapena ofesi ya zamasewero. Ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa makalabu otere alipo ndipo amachita mipikisano. Pa kalabu yolongosoka salola munthu kukwera opanda helemeti yotchinga chibwano, magalasi, majombo aatali olimba, magolovesi ndi zotchinga chifuwa ndi mawondo, ndipo pa mpikisano pamakhala achipatala. Pomwe palibe zimenezi si kalabu, ndi chulu chomwe chija.

Za chigongonocho, chitsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, chikhale chophimba ndi nsalu yoyera. Chikatupa, kufiira, kutuluka mafinya, kapena akamalephera kuwongola mkono, apite kuchipatala, ndipo mukafunsenso za jakisoni wa kafumbata popeza bala lidalowa dothi. Mumufunse bwinobwino ngati adamenyetsa mutu, chifukwa anyamata amabisa. Munthu akagwa pa njinga n'kukomoka ngakhale kanthawi kochepa, kusanza, kuiwala zomwe zachitika, kuodzera modabwitsa, kumva mutu ukukulirakulira, kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuche. Akamadandaula khosi, kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo, musamudzutse, musamukhazike pa njinga ina, ndipo helemeti musaikoke pokhapokha ngati akulephera kupuma. China chomwe anthu sachidziwa ndi chiwongolero kumenya pamimba. Kunja sipaoneka bala, koma kapamba amatha kung'ambika n'kumakha magazi m'kati. Mimba ikamapweteka, phewa lakumanzere likamawawa popanda chifukwa, munthu akamachita chizungulire ndi kutuluka thukuta lozizira, thamangani naye. Fupa lothyoka, makamaka la pakati pa khosi ndi phewa lomwe okwera amathyola kawirikawiri, likaonedwe pa X-ray, osati kulimanga ndi timitengo kunyumba.

Kugogoda kwa kutsogoloko musakunyalanyaze, ndipo njingayo isanyamule munthu mpaka itaonedwa. Nthawi zambiri amakhala maberingi a m'khosi omwe amasuka kapena kuphwanyika. Mkulu wake aiimike pa sitandi yapakati, wina akanikize kumbuyo kuti tayala la kutsogolo linyamuke, kenako agwire mashoko a kutsogolo m'munsi n'kuwakankha kutsogolo ndi kumbuyo. Akamva kuti kho kho, ndi maberingiwo. Azungulitse tayala aone ngati limu ikuvina, agogode masipoko limodzilimodzi ndi sipanala, lomasuka limalira mogontha. Ayang'ane ngati mashoko akudontha oyilo. Kenako makaniko achotse thanki, apukute bwino pomwe mapaipi a fulemu akumana ndi khosi, ndipo aunike ndi tochi. Penti wosweka ngati ulusi, kapena kamzere ka dzimbiri m'mbali mwa mowotcherera, ndiye mng'alu umenewo. Akaupeza, musalole wowotcherera wa pamsika kungopakapo moto pamwamba. Ipite kwa wodziwa mafulemu, ndipo mnyamatayo apite nawo akaone ndi maso ake.